Lipoti la mlandu wa fosholo: kufufuza cholinga cha munthu amene anamenya kamodzi

Lipoti lino likufotokoza mlandu umene ndinaimira mnyamata wa zaka 24 amene anaimbidwa mlandu wopha munthu mwadala. Mayina a anthu, malo ndi masiku ndawasiya dala, popeza achibale a mbali zonse ziwiri akadali moyo, ndipo zimene ndikufuna kuti anzanga pa ntchito ya zamalamulo aone sizidalira mayinawo. Pa mlanduwu panalibe mkangano pa funso lakuti ndani anamenya malemu, kapena lakuti imfa inabwera chifukwa cha kumenyako. Mkangano wonse unali pa zimene zinali m'maganizo mwa mnyamatayo m'kamphindi kamene fosholo inali m'mwamba, chifukwa kamphindi kameneko ndiko kanali koti kagamule ngati alandire chilango chachikulu koposa chimene lamulo lili nacho kapena chilango cha zaka zowerengeka.

Zimene zinachitika

Woimbidwa mlandu ndi malemu ankagwira ntchito pamalo amodzi pamene ankamanga nyumba. Malemu anali kapitawo wa gulu losakaniza mchenga ndi simenti, ndipo ndiye ankalemba masiku amene aliyense wagwira ntchito. Kutatsala sabata imodzi kuti izi zichitike, awiriwa anakangana chifukwa woimbidwa mlandu ankati malemu anamulemba kuti anajomba masiku awiri amene iye anabwera ku ntchito. Pa mkangano umenewo anthu atatu anamumva akunena kuti, "Tsiku lina ndidzakupha iwe." Anzawo anawaleretsa, ndipo masiku 6 otsatira awiriwa anagwira ntchito limodzi popanda chovuta china.

Pa tsiku limene malemu anamenyedwa, nkhani ya masiku aja inabukanso. Woimbidwa mlandu anali atawerama akusakaniza simenti ndi fosholo pamene malemu anafika, n'kumutukwana ndi kumukankha paphewa kawiri. Atakankhidwa kachiwiri, woimbidwa mlandu anatembenuka ndi kumumenya ndi fosholoyo kamodzi kumanzere kwa mutu, pamwamba pang'ono pa khutu. Malemu anagwa ndi kukomoka kwa kanthawi kochepa, kenaka anatsitsimuka, anakhala tsonga, anamwa madzi, ndipo anakana kupita kuchipatala ponena kuti akungomva chizungulire ndi kuti mawa lake akamunenera mnyamatayo kwa mabwana. Anayenda yekha kupita kwawo. Madzulo anayamba kusanza ndi kudandaula mutu, usiku sankayankhanso akamaitanidwa, ndipo anamwalira mbandakucha atangofika naye kuchipatala.

Woimbidwa mlandu atamva za imfayo anathawa, ndipo anagwidwa patapita masiku 9. Atangogwidwa ananama kuti malemu anagwa pamakwerero. Tsiku lotsatira anavomera kuti anamumenya, ndipo wapolisi analemba sitetimenti yake.

Nditakumana naye koyamba kundende kumene ankadikira mlandu, anafuna kubwerera ku nkhani ya makwerero ija. Anandiuza kuti, "Bwana, ndikangovomera kuti ndinamenya ndine, basi zanga zatha. Ine sindinafune kuti afe." Ndinamufotokozera kuti mboni zinaona ndi maso, kuti tsiku limenelo panalibe amene anakwera makwerero, ndiponso kuti bodza limeneli likanenedwanso pamaso pa woweruza lidzawononga chinthu chimodzi chokha chimene anatsala nacho, chomwe ndi mwayi woti bwalo limukhulupirire akamafotokoza zimene zinali mumtima mwake. Ndinapitako maulendo atatu kuti amvetse kuti kuvomera kumenya si kuvomera kupha mwadala. Sindinamudabwe, chifukwa ngakhale anthu ophunzira ambiri amaganiza kuti munthu akafera m'manja mwa mnzake, mlandu wake ndi umodzi basi.

Anafunanso kuti tinene kuti ankadziteteza, koma ndinamulangiza kuti tisatero. Munthu wokankhidwa paphewa ndi manja sangayankhe ndi chitsulo kumutu n'kuyembekezera kuti bwalo linena kuti mphamvu imene anagwiritsa ntchito inali yoyenera. Mfundo ya kuputidwa ndinaisunga ngati yachiwiri chabe, chifukwa imayamba ndi kuvomereza kuti cholinga chopha kapena chovulaza koopsa chinalipo, kungoti chinabadwa munthu atapsa mtima mwadzidzidzi moti analephera kudzigwira. Tinalembera a boma kuti ndife okonzeka kuvomera mlandu wocheperapo wa kupha munthu popanda cholinga choterocho. Iwo anakana, ndipo anadalira mawu oopseza aja, kuthawa ndi kunama kuja, komanso chiganizo chimodzi cha m'sitetimenti ya kupolisi.

Chimene lamulo limafuna kuti chitsimikizidwe

Lamulo limene bwalo linagwiritsa ntchito lili m'gulu la malamulo a milandu ya upandu amene maiko ambiri anatengera ku England. Limati kupha mwadala ndi kupha munthu mosaloledwa ndi lamulo uli ndi maganizo amene m'Chingelezi amawatcha malice aforethought. Mawu amenewa amasokoneza, chifukwa amamveka ngati akunena za chidani kapena chiwembu chokonzedwa kale, pamene safuna chilichonse mwa ziwirizi. Cholinga chikhoza kubadwa m'kamphindi komweko kamene dzanja likukwera. Pa mlandu wathu njira zimene a boma akanatsimikizira maganizo amenewa zinali cholinga chopha, cholinga chovulaza koopsa, kapena kudziwa kuti chimene ukuchita chikuyembekezeka kupha kapena kuvulaza koopsa, ngakhale iwe utakhala kuti ulibe nazo ntchito kapena ukulakalaka kuti zisachitike.

Njira yachiwiriyo ndi imene imagwetsa anthu ambiri. Makhoti a ku England anaitsimikiza pa mlandu wa Vickers mu 1957, pamene mbava inamenya mayi wokalamba amene anaipeza itathyola sitolo yake, ndipo bwalo la House of Lords, limene pa nthawiyo linali bwalo lalikulu koposa la apilo ku England, linaibwerezanso pa mlandu wa Cunningham mu 1981. Munthu amene anafuna kungothyola mnzake chigaza, osati kumupha, ndi wopha mwadala ngati mnzakeyo wafa. Chodabwitsa n'chakuti womenyedwayo akapulumuka, cholinga chomwecho sichikwanira pa mlandu wofuna kupha, chifukwa mlandu umenewo umafuna cholinga chenicheni chakuti munthu afe, monga bwalo linanenera pa mlandu wa Whybrow mu 1951. Malemu wathuyu akanachira, woimbidwa mlandu akanayankha mlandu wovulaza, ndipo funso likanakhalabe lomwelo la kukula kwa chivulazo chimene ankafuna. Pansi pa kupha mwadala pali mlandu umene tinkavomera, umene malinga ndi mlandu wa Church wa mu 1965 umangofuna kuti munthu achite chinthu chosaloledwa chimene aliyense woganiza bwino angaone kuti chikhoza kupweteka wina, ngakhale pang'ono, ndipo imfa itsatire. Malire a milandu iwiriyi ali pa kusiyana kwa kufuna kupweteka ndi kufuna kuvulaza koopsa.

Udindo wotsimikizira cholinga ndi wa boma, mosasiya chikaiko chomveka. Mu 1935 Reginald Woolmington, amene anawombera mkazi wake n'kunena kuti mfuti inaphulika mwangozi, anamasulidwa ndi House of Lords chifukwa woweruza woyamba anauza gulu la anthu ogamula mlandu kuti boma likangoonetsa kuti munthu wapha, zili kwa iye kuonetsa kuti inali ngozi. Viscount Sankey, mmodzi wa oweruza a House of Lords, ananena kuti zimenezo n'zolakwika ndipo katundu wa umboni sachoka pamapewa a boma. Ndimabwerera ku mlandu umenewu kawirikawiri chifukwa m'bwalo la milandu, zithunzi za mtembo zikangoikidwa patebulo, aliyense amayamba kuyembekezera kuti woimbidwa mlandu ndiye afotokoze chifukwa chimene sayenera kutchedwa wakupha.

Funso lina ndi lakuti tikuyeza maganizo a ndani, a woimbidwa mlanduyo kapena a munthu wanzeru wongomuyerekeza. Pa mlandu wa Smith mu 1960, pamene wapolisi anafa atakakamira galimoto imene dalaivala wake ankathawa ndi katundu wakuba, House of Lords inati n'kokwanira kuti munthu woganiza bwino akanaona kuti wapolisiyo avulala koopsa. Chigamulochi chinadzudzulidwa kwambiri, ndipo nyumba ya malamulo ya ku Britain inachikonza mu gawo 8 la Criminal Justice Act ya mu 1967, limene limati bwalo liyang'ane umboni wonse kuti lipeze chimene munthuyo payekha ankafuna kapena anaoneratu. Milandu ya Moloney mu 1985, Hancock ndi Shankland mu 1986, ndi Woollin mu 1998 inapitiriza kuchepetsa njira imeneyi, mpaka pa mfundo yakuti kuoneratu zotsatira kungasonyeze cholinga pokhapokha ngati munthuyo anazindikira kuti imfa kapena chivulazo choopsa sichikanalephereka. Ndinauza bwalo mosabisa kuti lamulo lathu lolembedwa ndi lotakasuka kuposa pamenepo, popeza limalola kudziwa kuti chinthu chikuyembekezeka kuchitika. Komabe mawu akuti kudziwa amaloza m'mutu mwa woimbidwa mlanduyo, osati m'mutu mwa woweruza amene wakhala ndi miyezi yoganizira nkhani imene inachitika m'kuphethira kwa diso.

Umboni wa bala

Cholinga sichioneka ndi maso, choncho makhoti amachifufuza kudzera m'zinthu zooneka. Bwalo la apilo la kummawa kwa Africa, pa mlandu wa Tubere mu 1945, linatchula chida chimene chagwiritsidwa ntchito, mmene chagwiritsidwira ntchito, ndi chiwalo cha thupi chimene chavulazidwa, ndipo linaonjeza kuti cholinga choipa chimaoneka msanga pa mkondo kapena mpeni kusiyana ndi pa ndodo. Fosholo ili pakati pa zimenezi. Kutsogolo kwake n'kwakuthwa ndipo kukhoza kutema ngati nkhwangwa, pamene kumsana kwake n'kophwatalala ngati thabwa. Chifukwa cha ichi, masiku awiri a mlanduwu anathera pa funso lakuti ndi mbali iti ya fosholo inafika pamutu pa malemu.

Mboni yoyamba ya boma, amene anali mnzake wapamtima wa malemu, inati woimbidwa mlandu anakweza fosholo ndi manja awiri pamwamba pa mutu wake n'kuitsitsa chakuthwa ngati akuwaza nkhuni. Mboni yachiwiri, imene inaima pafupi kwambiri, inati mnyamatayo anali chowerama, ndipo anaweramuka akutembenuka n'kuzunguza fosholo cham'mbali. Sindikukhulupirira kuti mboni yoyamba inanama dala. Munthu amene waona mnzake akugwa, n'kudzamva mawa lake kuti wafa, amakumbukira kumenyako molingana ndi kukula kwa zotsatira zake, ndipo akafotokoza nkhaniyo kambirimbiri fosholo imanka ikwera m'mwamba. Fosholo yeniyeniyo sinatithandize, chifukwa inakatengedwa patapita masiku awiri pakati pa mafosholo asanu ofanana amene anali atagwiritsidwanso ntchito ndi kutsukidwa, ndipo palibe mboni imene inatha kulumbira kuti imene inaonetsedwa m'bwalo inali yomweyo.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi dokotala amene anayeza mtembo. Lipoti lake linati chigaza chinang'aluka mzere umodzi m'mbali mwa mutu, ndipo magazi anaundana pakati pa chigaza ndi nembanemba yolimba imene imakuta ubongo, chimene madokotala amachitcha extradural haematoma. Pomufunsa mafunso, anafotokoza kuti fupa la pamalo amenewo ndi limodzi mwa mafupa opyapyala kwambiri a chigaza, ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wa magazi umene umang'ambika fupalo likang'aluka. Magazi amatuluka pang'onopang'ono n'kumapanikiza ubongo, n'chifukwa chake wovulala wotere nthawi zina amatsitsimuka, kulankhula ndi kuyenda kwa maola angapo asanakomokenso. Ndinamufunsa ngati khungu linali lotemeka, ndipo anati ayi, panali kutupa ndi kuvilira kwa magazi pamalo otambalala. Ndinamufunsa ngati kutsogolo kwa fosholo yotsitsidwa ndi manja awiri kuchokera pamwamba kungasiye khungu losatemeka, ndipo anati zimenezo n'zokayikitsa kwambiri, chifukwa akanayembekezera bala lotseguka ndi fupa lobooka kapena lolowa mkati, ndiponso chapamwamba pa mutu osati m'mbali. Funso lomaliza linali la mphamvu, ndipo anayankha kuti pamalo amenewo sipafunika mphamvu yaikulu kwambiri kuti fupa ling'aluke.

Mafunso amenewa ndinawakonza nditawerenga lipoti lake kambiri ndi kufunsa dokotala wina kuti andiphunzitse tanthauzo la mawu ake. Maloya ambiri amalola lipoti la kuyeza mtembo kulowa popanda mafunso akaona kuti sakutsutsa chimene chinapha munthu, koma lipoti limenelo limanenanso za mmene dzanja linayendera, ndipo nthawi zambiri ndilo mboni yokhayo imene ilibe mbali.

Woimira boma anayankha bwino, ndipo mfundo yake ndi imene inandisowetsa tulo. Anati kaya kumsana kaya kutsogolo, fosholo ndi chitsulo cholemera chokhala ndi mpini wautali, mutu ndi malo amene ngakhale mwana amadziwa kuti ndi oopsa, ndipo munthu amene amagwira fosholo tsiku ndi tsiku amadziwa kulemera kwake kuposa wina aliyense. Anati lamulo silinena kuti kumenya kamodzi sikungakhale kupha mwadala, ndipo pamenepo ankanena zoona. Ine ndinayankha kuti mnyamatayo sanapite kukatenga chida, chinali kale m'manja mwake chifukwa cha ntchito. Kuti munthu amene akuweramuka n'kutembenuka sasankha bwino pamene chida chikafike, ndipo phewa ndi mutu wa munthu woima kumbuyo kwako n'zoyandikana. Komanso kuti malemu atagwa pansi, wopanda chodzitetezera, woimbidwa mlandu anataya fosholo osamenyanso. Mboni yachiwiri inanenanso kuti madzi amene malemu anamwa anakatunga ndi woimbidwa mlandu yemweyo. Kusamenyanso sikufufuta cholinga chimene chinalipo pa kumenya koyamba, koma ndi umboni wa pafupi kwambiri ndi kamphindi kameneko umene bwalo likanaupeza.

Mawu oopseza, kuthawa ndi sitetimenti

Pa mawu akuti "ndidzakupha", mboni zonse zitatu zinavomera kuti palibe amene anakanena kwa mabwana kapena kupolisi, ndipo malemu mwiniwake anaseka atawamva. Zinavomeranso kuti masiku 6 otsatira awiriwa ankagwira ntchito moyandikana pakati pa mafosholo, mapiki ndi nyundo, nthawi zina ali awiriwiri. Mawu oopseza ndi umboni wololedwa ndipo pa milandu ina amakhala olemera, makamaka ngati akutsatiridwa ndi kukonzekera monga kugula chida kapena kudikirira munthu panjira. Pano panalibe chilichonse cholumikiza mawuwo ndi tsiku la kumenya, limene anayambitsa ndi malemu.

Kuthawa ndi kunama sindinazitsutse. Ndinakumbutsa bwalo mfundo ya pa mlandu wa Lucas wa mu 1981, yakuti anthu amanama pa zifukwa zambiri kuphatikizapo mantha ndi manyazi, ndipo bodza limathandiza boma pokhapokha ngati palibe chifukwa china chomveka cholinenera. Munthu amene wapha popanda cholinga amaopa ndende mofanana ndi amene wapha mwadala. Chimene chinali chofunika ndi nthawi ya kuthawako, chifukwa mnyamatayo sanathawe atamenya. Anamaliza ntchito ya tsikulo, anakagona kwawo, ndipo anathawa mawa lake atamva za maliro, zimene zikugwirizana ndi munthu amene sankayembekezera kuti mnzake afa.

Sitetimenti ndiyo inali chida chachikulu cha boma. Imene inaperekedwa ku bwalo inali ya m'Chingelezi, ndipo inali ndi chiganizo chonena kuti woimbidwa mlandu anafuna kuvulaza malemu koopsa, m'mawu ofanana kwambiri ndi a m'buku la malamulo. Zinandikayikitsa kuti mnyamata amene sanapite patali ndi sukulu angalankhule ngati gawo la lamulo. Ndinapempha pepala loyambirira limene wapolisi analemba m'chilankhulo chimene anafunsirana, ndipo litabwera tinapeza mawu akuti, "Ndinafuna kumupweteka kuti asiye kundikankha." Wapolisiyo anavomera m'bwalo kuti amenewo ndiwo mawu amene ananenedwa, ndi kuti anamasulira yekha monga anamvera, akudziwa kale kuti munthu wafa. Sindikuganiza kuti anali ndi cholinga choipa. Koma liwu lakuti kupweteka limafika kutali, kuyambira pa kutsina mpaka pa kuthyola fupa, ndipo theka lachiwiri la chiganizocho, limene linatayika pomasulira, ndilo linkasonyeza kukula kwa kupweteka kumene ankanena. Chiganizo chimene boma linabwera nacho ngati kuvomera kupha mwadala chinasanduka kuvomera mlandu wocheperapo uja.

Woimbidwa mlandu anapereka umboni atalumbira. Woimira boma anamufunsa ngati akudziwa kuti fosholo ikhoza kupha munthu, ndipo iye anati, "Ndikudziwa, bwana, koma nthawi imeneyo sindinaganize za mutu. Ndinangofuna achoke kumbuyo kwanga." Yankho limeneli linali ndi ngozi yake, chifukwa theka loyamba linapatsa boma chimene linkafuna. Komabe ndinaona kuti linamuthandiza kuposa kukana, popeza linasiyanitsa chimene munthu amadziwa akafunsidwa atakhala phee ndi chimene chinali m'maganizo mwake pa nthawi yochita, ndipo lamulo limafunsa chachiwirichi.

Chigamulo

Woweruza anapeza kuti umboni wa dokotala ukugwirizana ndi mboni yachiwiri, ndipo anakana kufotokoza kwa mboni yoyamba pa za mmene fosholo inayendera. Mawu oopseza anawapatsa mphamvu yochepa, kuthawa ndi kunama anati sikukusiyanitsa milandu iwiriyo, ndipo sitetimenti anaitenga monga inalembedwera poyamba. Pa cholinga chopha anati panalibe umboni wokwanira ngakhale pang'ono. Pa cholinga chovulaza koopsa ndi pa kudziwa zotsatira anatenga nthawi yaitali, ndipo ananena poyera kuti nkhaniyo inali pafupi ndi malire. Anati n'zotheka ndithu kuti woimbidwa mlandu analinga mutu akudziwa chimene chitsulo chingachite, koma n'zothekanso mwanzeru kuti anazunguza fosholo kuti achotse munthu amene ankamukankha, osalinga malo ndiponso osaganizira za chivulazo chachikulu, ndipo pamene zotheka ziwiri zomveka zatsala, lamulo limalamula kuti bwalo litenge yokomera woimbidwa mlandu. Mfundo ya kuputidwa sanaigamule chifukwa sinafunikenso. Anamupeza wosalakwa pa kupha mwadala koma wolakwa pa mlandu wocheperapo, ndipo anamupatsa zaka 9 m'ndende, poganizira kuti chida chinali choopsa, kuti anavomera kumenya mlandu usanayambe, ndi kuti malemu ndiye anayamba kugwira mnzake. A boma sanachite apilo.

Ndikukhulupirira kuti chigamulochi chinali cholondola, koma ndikudziwanso kuti chinaima pa zinthu zazing'ono. Fosholo ikanapotoka pang'ono m'manja n'kutema khungu, dokotala sakanatha kunena zimene ananena, ngakhale maganizo a womenyayo akanakhala omwewo. Pepala loyambirira la sitetimenti likanatayika, chiganizo cha m'Chingelezi chija chikanaima chokha. Zinthu ziwirizi sizinasinthe chimene chinali mumtima mwa mnyamatayo, zinangosintha zimene bwalo likanatha kuona, ndipo ichi chimandichititsa mantha ndikaganiza za milandu imene palibe anafunsa dokotala mafunso kapena kuitanitsa pepala loyamba.

Titatuluka m'bwalo, mayi ake a malemu anandiyandikira. Womasulira wa bwalo, potchula mlandu umene mnyamatayo anapezeka nawo wolakwa, anagwiritsa ntchito mawu ozolowereka akuti kupha munthu mwangozi, ndipo mawu amenewa ndi amene anawapweteka. Anandifunsa kuti, "Bambo, ndiye mukuti mwana wanga anafa pangozi, ngati wagundidwa ndi mtengo?" Ndinawayankha kuti, "Ayi mayi, bwalo silinanene zimenezo. Lanena kuti mwana wanu anamenyedwa dala, kuti kumenyako kunali kulakwa, ndi kuti ndiko kunamupha. Chimene boma lalephera kutsimikiza n'chakuti womenyayo ankafuna kuti afe kapena avulale koopsa." Ndikuona kuti mawu akuti mwangozi sayenera kugwiritsidwa ntchito pa mlandu wa mtundu umenewu, chifukwa imfa ya ngozi yeniyeni, yopanda kulakwa kapena kusasamala kwakukulu, si mlandu n'komwe, ndipo achibale akamva mawuwa amamva ngati bwalo lanena kuti palibe amene analakwa.

Mayiwo anakhala chete kwa kanthawi, kenaka ananena chimene ndikuganiza kuti chinkawavutitsa kuyambira pachiyambi. Anati mwana wawo anafika kunyumba ndi miyendo yake, analankhula nawo, ndipo iwo anamuuza kuti akagone kuti mutu uleke, ndiye atamva dokotala akunena m'bwalo kuti opaleshoni yochotsa magazi oundanawo ikachitika msanga munthu amatha kupulumuka, anaona ngati iwonso ali ndi mlandu. Ndinawauza kuti pa mlandu wonse palibe mbali imene inanena kuti kuchedwa kupita kuchipatala ndiko kunapha mwana wawo, kuti lamulo limaika imfayo pa amene anamenya, ndi kuti dokotala yemweyo ananena kuti bala la mtundu umenewu limanamiza ngakhale anthu amene aona wovulalayo akuyenda ndi kulankhula. Anandifunsa ngati mawu a dokotalawo analembedwa, ndipo nditawauza kuti ali m'chigamulo, anapempha kuti wina adzawawerengere. Ndinakapempha kope la chigamulocho kwa kalaliki wa bwalo ndipo ndinalipereka kwa mchimwene wake wa malemu sabata yotsatira.